Phwete la adzukulu kumanda ndi zimene madokotala anapeza m'magazi

Amene anafikapo kumanda m'mamawa, adzukulu akukumba, amadziwa kuti kumeneko sikukhala zii ngati kusiwa. Khasu likusinthana manja, wina watuluka m'dzenje thukuta lili kamukamu, mnzake n'kumuuza kuti wangopalasa ngati nkhuku, onse n'kufa nalo phwete. Chapatali pang'ono amayi akulira, nyimbo za maliro zili mkati. Mlendo akhoza kuda nazo, n'kumati anthuwa alibe chisoni. Koma amene anagwirapo ntchito imeneyi amadziwa kuti popanda nthabwalazo manda sangakumbike, makamaka pamene womwalirayo munkadya naye nsima dzana lomweli.

Kwa zaka zambiri ofufuza akhala akuyesa kupeza ngati kupepukidwa kumene munthu amamva akaseka kumaoneka m'magazi, kapena ndi maganizo chabe. Yankho lake ndi lakuti kumaonekadi. Koma nkhaniyi imakokomezedwa kwambiri pa intaneti, moti wina akhoza kuganiza kuti chikhakhali chimodzi n'chokwanira kulowa m'malo mwa mapiritsi a BP. Kuti tione pamene pali zoona ndi pamene payambira zokometsera, tiyambe ndi nkhawa yeniyeniyo, mmene imayendera m'thupi.

Tiyerekeze kuti mukubwerera kunyumba usiku, mwangoti khotere pampanda wina, galu wakulumphirani. Musanaganize n'komwe, mtima wayamba kugunda ngati ng'oma, kukamwa kwauma, miyendo yanyamuka yokha. Chachita zimenezi ndi adrenaline, homoni (mankhwala amene thupi limadzipangira otumiza uthenga kudzera m'magazi) yochokera m'tiziwalo tiwiri ting'onoting'ono tokhala pamwamba pa impso. Imatuluka m'masekondi ochepa, n'kukweza kuthamanga kwa magazi, kutsegula njira za mpweya ndi kuthira shuga m'magazi kuti minofu ipeze mphamvu. Walter Cannon wa ku Harvard ndi amene anafotokoza bwino zimenezi cha m'ma 1915, kuti thupi limakhala likukonzekera kumenya kapena kuthawa.

Pambuyo pake pamabwera homoni yachiwiri, yochedwerapo koma yokhalitsa. Kachigawo ka ubongo kotchedwa hypothalamus kamatumiza uthenga ku kachiwalo ka pituitary kamene kali pansi pa ubongo, nako n'kutumiza wake kudzera m'magazi mpaka ku tiziwalo ta pa impso tija, ndipo timatulutsa cortisol. Imeneyi imafika pachimake patapita mphindi 20 kapena 30. Ntchito yake ndi kusunga shuga wokwanira m'magazi, ndi kuimitsa kaye zinthu zimene zingadikire, monga kugaya chakudya, kukula, kubereka ndi mbali ina ya chitetezo cha m'thupi. Cortisol si mdani ayi. Munthu amene thupi lake lasiya kuipanga amafooka, ndipo akapanda kuthandizidwa amamwalira.

Vuto ndi lakuti galu uja amabwerera pageti, koma ngongole ya katapila sibwerera. Fizi ya mwana, lendi, wodwala amene wakhala pamphasa miyezi, mtengo wa thumba la feteleza, mwamuna wosagona pakhomo: izi zimadzuka nawe, kugona nawe. Thupi silisiyanitsa kwenikweni pakati pa galu ndi bambo a nyumba amene akubwera pa 30, ndiye limangokhala lili tcheru. Mu 1936, Hans Selye wa ku Montreal anaonetsa kuti makoswe osautsidwa kwa nthawi yaitali ankatupa tiziwalo ta pa impso tija, ankachita zilonda za m'mimba, ndipo ziwalo zawo zoteteza thupi zinkafota. Kwa anthu, kupanikizika kosatha kumayendera limodzi ndi kusowa tulo, BP yokwera, shuga wovuta kumuwongolera, mafuta ounjikana pamimba ndi zilonda zochedwa kupola. Agogo akamati "mwana uyu akuwonda ndi maganizo," kapena kuchipatala munthu akamati "ndikuganiza kwambiri," amakhala akunena zomwezi.

Tsono kuseka kumalowa pati? Chodabwitsa n'chakuti poyamba kumafanana ndi mantha omwewo. Munthu akamaseka chikhakhali, mnofu waukulu wa pansi pa mapapo ndi minofu ya m'nthiti zimakoka modukizadukiza, mpweya umatuluka mwamphamvu, mtima umathamanga, BP imakwera pang'ono. N'chifukwa chake timati taseka mpaka nthiti kuwawa. Phindu lake limabwera phwete likatha. Minofu imalobodoka, kupuma kumakhala kwakuya, mtima umabwerera m'malo, ndipo munthu amangoti "aaa, mwandipha," akupukuta misozi. Ofufuza ambiri amaganiza kuti pa nthawi imeneyi ndi pamene mitsempha yokhazika thupi pansi imalanda chiwongolero kwa ija yolidzidzimutsa.

Nkhani yoti kuseka n'kuchiritsa inatchuka kwambiri m'maiko a azungu chifukwa cha munthu mmodzi, Norman Cousins, mkonzi wa magazini ya Saturday Review ku America. Mu 1964 anadwala nthenda yopweteka ya msana ndi mfundo, ndipo madokotala sanamupatse chiyembekezo chachikulu. Iye anatuluka m'chipatala, n'kukakhala mu hotela, kumene ankaonera mafilimu a nthabwala tsiku ndi tsiku. Anadzalemba kuti mphindi 10 za kuseka kochokera m'mimba zinkamupatsa maola awiri ogona popanda ululu. Nkhani yake inatuluka mu New England Journal of Medicine mu 1976, ndipo anthu anaigwira ndi manja awiri. Chimene ambiri amaiwala kutchula n'chakuti pa nthawi yomweyo ankalandiranso vitamini C wochuluka zedi, anali atasiya mankhwala ena, ndipo madokotala ena pambuyo pake anakayikira ngati nthenda yake inalidi imene ankanena ija, poti matenda ena ofanana nayo amatha okha. Munthu mmodzi kuchira si umboni. Nafenso kwathu kuno timamva za wina amene anachira atamwa zakutizakuti, koma za amene anamwa zomwezo n'kumwalira sitimva, poti iwo sabwera kudzachitira umboni. Komabe Cousins anachita chinthu chimodzi chabwino: anachititsa kuti ofufuza ayambe kutenga magazi n'kuyeza.

Oyamba kutchuka pa ntchito imeneyi anali Lee Berk ndi Stanley Tan a ku Loma Linda University ku California. Mu 1989 anafalitsa zotsatira za kafukufuku amene anachita pa amuna 10. Asanu anaonera vidiyo ya nthabwala kwa ola limodzi, asanu enawo anangokhala, ndipo onse ankatengedwa magazi pafupipafupi. Mwa amene ankaseka aja, cortisol inatsika mofulumira kuposa mwa anzawo. Kafukufuku ameneyu watchulidwa m'nkhani zosawerengeka, koma taonaninso nambala ija. Amuna asanu mbali iyi, asanu mbali inayo. Sakwana n'komwe timu ya mpira.

Palinso msampha wina pa kayezedwe ka cortisol. Homoni imeneyi ili ndi ulendo wake wa tsiku ndi tsiku. Imakwera kwambiri m'mawa, makamaka pa mphindi 30 mpaka 45 munthu atangodzuka, kenako imatsika pang'onopang'ono mpaka pakati pa usiku. Ndiye mukayeza munthu 9 koloko, n'kumuonetsa sewero, n'kumuyezanso 10 koloko, cortisol ikhala itatsika ngakhale sanamwetulire n'komwe. Jakisoni wotengera magaziyo payekha amaikwezanso, n'chifukwa chake masiku ano ambiri amayeza m'malovu. Kafukufuku wopanda gulu lina loyerekezera nalo, loyezedwa pa ola lomwelo, sanena chilichonse.

Mu 2023, Caroline Kramer ndi Cristiane Leitao anasonkhanitsa kafukufuku wosiyanasiyana amene anali ndi magulu oyerekezera otere, n'kufalitsa zimene anapeza mu magazini ya PLOS One. Anapeza kafukufuku 8 yekha woyenera kuwerengedwa, wokhudza anthu 315 onse pamodzi. Atawaphatikiza, zinaoneka kuti kuseka kunatsitsa cortisol ndi pafupifupi 32 peresenti poyerekeza ndi amene ankachita zina. Kwa ine apa ndi pamene pali phata la umboni wa mahomoni, ndipo ndi umboni weniweni, koma wowonda. Patapita zaka zoposa 30 chichitikire cha ku Loma Linda, anthu onse oyezedwa bwino akhoza kukwana m'tchalitchi chimodzi cha pamudzi. Ndiponso zimene anayeza ndi za ola limenelo kapena masabata ochepa, osati za moyo wonse.

Pa nkhani ya mtima, Michael Miller ndi anzake a ku University of Maryland anatenga anthu 20 athanzi, n'kuwaonetsa chigawo cha filimu ya nkhondo tsiku lina, ndi cha filimu yoseketsa tsiku linanso, akuyeza mmene mtsempha waukulu wa pamkono ukutsegukira. Atatha kuseka, kayendedwe ka magazi kanawonjezeka ndi 22 peresenti. Atatha kuonera zoopsa, kanatsika ndi 35 peresenti. Ku Japan, mu 2003, Keiko Hayashi ndi anzake anapatsa anthu 19 odwala shuga chakudya chofanana masiku awiri. Tsiku loyamba anawamvetsera phunziro lotopetsa, lachiwiri anawatengera ku sewero la nthabwala, ndipo shuga wa pambuyo pa chakudya sanakwere kwambiri tsiku la sewerolo. Za kuchepetsa thupi musavutike nazo: a ku Vanderbilt University anayeza n'kupeza kuti kuseka mphindi 10 mpaka 15 kumawotcha makalori (mphamvu yochokera m'chakudya) ochepa chabe. Mandasi amodzi amaposa pamenepo kutalitali.

Mbali imene ine ndimaiona yolemera kwambiri ndi ya ululu, chifukwa ndi imene imatifikitsa pa funso loti kodi chikugwira ntchito ndi kusekako kapena ndi anthu amene ukuseka nawo. Robin Dunbar wa ku Oxford ndi gulu lake ankayeza nthawi imene munthu angapirire chinthu chowawa, monga chozizira kwambiri chokulungidwa pamkono, lamba woyezera BP wopopedwa mpaka kuthina, kapena kutsamira khoma mawondo atapindidwa ngati wakhala pampando pamene mpando palibe. Ena anawayeza m'chipinda, ena pa zisudzo za ku Edinburgh. Amene anaseka kwenikweni anapirira kwambiri ndi pafupifupi 10 peresenti. Amene anaonera zinthu zongosangalatsa koma zosaseketsa, monga mafilimu a zachilengedwe, sanasinthe. Dunbar anaganiza kuti kutopa kwa minofu ya m'chifuwa kumachititsa ubongo kutulutsa ma endorphin, mankhwala opha ululu amene thupi limadzipangira lokha, achibale ake a morphine. Mu 2017 ofufuza a ku Turku ku Finland anajambula ubongo wa anthu atangomaliza kuonera nthabwala limodzi ndi anzawo apamtima, ndipo anaonadi kuti mankhwala amenewa atuluka.

Taonani mawu akuti limodzi ndi anzawo. Robert Provine, wofufuza za ubongo ku Baltimore, anatuluka m'labotale n'kupita m'misika ndi m'misewu ndi ophunzira ake, kukalemba nthawi 1,200 zimene anthu anaseka osadziwa kuti wina akumvetsera. Anapeza kuti munthu amaseka kuwirikiza pafupifupi ka 30 akakhala ndi anzake kuposa akakhala yekha. Anapezanso kuti mawu ambiri amene ankatsogolera kusekako sanali nthabwala n'komwe. Mwa mawu 10 alionse, amodzi kapena awiri okha ndi amene mungawatche oseketsa. Ena onse anali wamba, monga kutsanzikana kapena kufunsana kumene wina wachokera. Ndipo wolankhula ankaseka kwambiri kuposa womvetsera. Aliyense amene anakhalapo pamjigo kapena pabawo akhoza kuvomereza. Amayi awiri akakumana, wina n'kunena kuti "koma inu, mwasowatu," onse amaseka mpaka kuombana m'manja, koma mukalemba mawuwo papepala mulibe choseketsa. Phwetelo likunena kuti tili bwino, palibe chifukwa pakati pathu. Ngakhale makoswe, malinga ndi zimene Jaak Panksepp anapeza, amatulutsa kamawu kapamwamba kosamveka ndi khutu la munthu akamasewera kapena akamagirigishidwa, ndipo amathamangira dzanja limene lawagirigisha. Kuseka kunayamba kale kuposa nthabwala.

Zimenezi zikutanthauza kuti ubongo umene wakhala tcheru tsiku lonse ukamva anthu akuseka nawe, umalandira uthenga wakuti pano palibe galu. Ndipo n'kovuta kwambiri kulekanitsa phindu la kusekako ndi phindu lokhala ndi anthu okuzungulira, limene madokotala amadziwa kale kuti ndi lalikulu.

Vuto lomweli limaonekera pa funso lakuti kodi oseka amakhala ndi moyo wautali. Ku Yamagata ku Japan anatsatira anthu oposa 17,000, ndipo anapeza kuti amene ankati saseka mokweza ngakhale kamodzi pa mwezi ankamwalira pafupifupi kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi oseka sabata iliyonse. Ku Norway, Sven Svebak ndi anzake anatsatira anthu oposa 53,000 kwa zaka 15. Amayi odziwa kuona choseketsa pa zinthu ankamwalira mocheperapo ndi matenda a mtima ndi opatsirana, koma kwa abambo phindu linaoneka pa matenda opatsirana okha. Zikumveka bwino, koma chayamba n'chiti? Munthu amene thupi layamba kale kumuvuta, kapena wotsala yekha pakhomo, saseka kawirikawiri. Mwina si kusaseka kumene kwamudwalitsa, koma matenda ndi amene amulanda phwete. Ndiye palinso kafukufuku wina amene okonda nkhaniyi samutchula. Mu 1921 Lewis Terman anayamba kutsatira ana anzeru oposa 1,500 ku California. Patapita zaka 70, Howard Friedman ndi anzake anabwerera ku zolembazo n'kupeza kuti ana amene makolo ndi aphunzitsi ankati ndi ansangala ndi anthabwala anamwalira msanga kuposa anzawo ofatsa. Mbali ina ya chifukwa chake ikuoneka kuti ansangalawo ankasuta ndi kumwa kwambiri, ndipo sankaopa zinthu zoika moyo pachiswe. Tonse timamudziwa mkulu wina wotere, woseketsa bala lonse, koma wosafika kuchipatala mpaka zitafika poipa.

Rod Martin wa ku University of Western Ontario ku Canada anaunika kafukufuku yense wa nkhaniyi mu 2001, ndipo anati umboni wambiri, makamaka wonena za chitetezo cha m'thupi, ndi wofooka ndi wotsutsana. Kenako anachita chinthu chothandiza kwambiri: anasiyanitsa mitundu ya nthabwala. Pali zogwirizanitsa anthu, pali zodzilimbitsa nazo mtima zinthu zikavuta, pali zonyoza ena, ndipo pali zodzinyoza wekha kuti anthu akulandire. Mitundu iwiri yoyamba imayendera limodzi ndi mtendere wa mumtima. Yomalizayo, ya munthu wodzisandutsa chidole cha gulu, imapezeka kwambiri mwa anthu ankhawa ndi okhumudwa.

Chichewa chinasiyanitsa kale zimenezi. Kuselewula si kutonza, ndipo kuseka naye munthu si kumuseka. Asuweni akhoza kunenana mawu amene atanenedwa ndi wina aliyense mlandu wake ungafike kwa amfumu. Agogo aamuna amatchula kamdzukulu kawo kuti "mkazi wanga," n'kumakadandaulira kuti sikanawaphikire. Alamu amaselewulana, pamene apongozi amapatukirana njira. Ku Zambia, Angoni ndi Abemba, amene makolo awo anamenyana nkhondo, lero ali pa chimbuya: pamaliro a Mngoni, Abemba amagwira ntchito, kwinaku akuselewula anamfedwa ndi kuwapaka ufa kumaso, ndipo Angoni amabweza akamwalira Mbemba. Mwambo umasankha amene ali ndi ufulu woseketsa pamalo achisoni, ndipo umaupereka kwa anthu amene aliyense akudziwa kuti sakufuna zoipa. Mwana amene anzake a m'kalasi akumuseka chifukwa cha chibwibwi kapena yunifolomu yong'ambika akumvanso phwete, koma kwa iye phwetelo ndiye galu uja. Ndipotu m'malabotale, imodzi mwa njira zodalirika zokwezera cortisol ya munthu ndi kumuimika pamaso pa anthu omuweruza, n'kumuuza kuti alankhule.

Nanga kuseka kochita kudzikakamiza? Dokotala wina wa ku Mumbai, Madan Kataria, anayambitsa kagulu koseka m'paki mu 1995. Nthabwala zitawathera patangopita masiku ochepa, anayamba kumangoseka popanda chifukwa, akuomba m'manja ndi kupuma mozama, ndipo lero magulu otere ali m'maiko ambiri. Kafukufuku wina waung'ono amaonetsa kuti amathandiza pa nkhawa ndi kukhumudwa, makamaka kwa okalamba. Koma apanso muli kukumana ndi anthu, kutambasula thupi ndi kupuma bwino, ndipo nthawi zambiri kuseka kwabodzako kumasanduka kwenikweni anthu akangoyang'anana.

Zoopsa zake zilipo koma n'zosowa. Mu 2013 madokotala awiri a ku Britain, Robin Ferner ndi Jeffrey Aronson, anasonkhanitsa mu magazini ya BMJ zimene zinalembedwapo: kukomoka, kudzutsa mphumu, kuguluka nsagwada, kutuluka kwa matumbo pamalo ofooka a pamimba (hernia), ndi kudzikodzera, kumene amayi ambiri obereka amakudziwa koma sakunena. Choopsa chenicheni kwathu kuno ndi china. Kafukufuku wa unduna wa zaumoyo ndi WHO wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi anali ndi BP yokwera, ndipo ochuluka zedi sankadziwa. BP simva kuti mwini wake ndi wansangala. Palibe kafukufuku amene anaonetsa kuti kuseka kungalowe m'malo mwa mankhwala a BP, a shuga, ma ARV kapena thandizo la munthu wodwala maganizo. Ndiponso munthu wovutika mumtima amatha kuseka bwinobwino pagulu, moti achibale amadzangoti kakasi, "koma dzulo lomweli timaseka naye."

Pali chochitika china cha kufupi ndi kwathu chimene chimaonetsa kuti phwete lenilenilo likhoza kukhala chizindikiro cha kupanikizika. Pa 30 January 1962, patangopita masabata ochepa Tanganyika (imene lero ndi mbali ya Tanzania) italandira ufulu, atsikana atatu a pasukulu yogonera ya mishoni ku Kashasha, kufupi ndi Bukoba m'mbali mwa nyanja ya Victoria, anayamba kuseka osaleka. Zinafalikira mpaka ana 95 mwa 159 anagwidwa nazo, ena kwa maola ochepa, ena mpaka masiku 16. Sikunali kuseka kwa chimwemwe. Kunkasakanikirana ndi kulira, mantha, kusakhazikika ndi kuthawathawa. Sukulu inatsekedwa pa 18 March, ana anabwerera kwawo, ndipo vutolo linawatsatira m'midzi, moti ku Nshamba kokha anthu oposa 200 anagwidwa. Pomwe zinkatha, sukulu 14 zinali zitatsekedwapo ndipo anthu pafupifupi 1,000 anali atakhudzidwa. Madokotala anayeza magazi, anafufuza chakudya ndi madzi, koma sanapeze kachilombo kapena poizoni. Ofufuza ambiri lero amati inali nkhawa ya gulu yotulukira m'thupi, ngati zimene timamva nthawi zina m'sukulu zogonera za atsikana, ana akamagwa ndi kukuwa motsatizana mayeso akayandikira. Aphunzitsi a ku Kashasha, azungu awiri ndi Aafirika atatu, panalibe ndi mmodzi yemwe amene anagwidwa nazo.